Chigumu cha Apongozi

Ng'oma zinayamba kumveka anthu ake asanaoneke. Titus Nyendwa anali atakhala pampando pakati pa chipinda chochezera kwa azakhali ake ku Petauke, malaya atsopano a chitenje akumuthina m'khwapa, pamene phokoso linakhota pamsewu wafumbi n'kulunjika pageti. Fabian, mnzake wa kuyambira ku pulaimale amene tsopano anali mboni yake ya ukwati, anasuzumira pazenera n'kuwomba m'manja.

"Mwamuna, lelo wafa! Nayesa kuwelenga mapoto, nalephela. Tauni yonse ya Nyimba yabwela pamutu!"

Linali tsiku la chilanga mulilo, mwambo umene ife a kum'mawa kwa Zambia tinabwereka kwa Abemba n'kuiwala kubweza. Akuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo, n'kuzisenza ndi nyimbo kupita nazo kwa mkamwini kuti aone zimene azikadya m'banja lawo. Mkwatibwi ndi amake amatsala kunyumba. Lamulo lake ndi limodzi lokha: mbale iliyonse ikavundukulidwa, mkamwini alawe. Kukana n'kutukwana manja amene aphika.

Azimayi analowa chogwada, mapoto okulungidwa m'zitenje ali pamutu, nthungululu zikung'amba denga. Mlangizi wawo, mayi wa mawu osafuna chimkuzamawu, anamusambitsa Titus m'manja ngati khanda n'kuyamba kuvundukula. Munali nkhuku ya kumudzi, chikanda, mbewa zowamba za ku Luembe, nsomba zouma za mu Luangwa zotendera, chibwabwa, impwa, maungu, mbatata za nsinjiro. Titus ankalawa, amayi n'kumaimba, Fabian n'kumameza malovu.

Poyamba ankangotsina pang'ono monga anadzilonjezera m'mawa. Koma mimba ya munthu amene wakhala miyezi akudya kabichi ilibe ulemu. Atafika pa vitumbuwa, dzanja linabwerera lokha. Atafika pa thobwa lotsekemera, anapempha kapu yachiwiri. Ndiye mlangizi anavundukula mbale yomaliza, fungo la nthochi zakupsa linadzaza nyumba yonse.

"Ichi ni chigumu cha apongozi anu, amai Daka. Aphika na manja awo," anatero mlangizi. "Ku Nyimba konse kulibe wina aziwa kuphika monga iwo. Ati mkamwini akadya ichi, tizaziwa kuti watikonda."

Titus anadya chidutswa, kenako china, kenako anasiya kuwerenga. Tasila, msuweni wa mkwatibwi, ankajambula zonse pafoni n'kumatumiza kwawo ku Nyimba. Fabian anamuponda Titus phazi kunsi kwa tebulo, koma mwini phazi anangomwetulira masaya ali tuu.

M'nyumba monsemo Fabian yekha ndi amene ankadziwa chifukwa chopondera phazilo. Kumayambiriro kwa chaka adokotala anamupeza Titus ndi matenda a shuga. Anamupatsa mapiritsi, kamakina kobaya chala ndi malamulo a kadyedwe. Titus anamvera, mimba inaphwa, ndipo bwenzi lake Consolata ankanyadira kwa anzake kuti mwamuna wake akukonzekera suti ya ukwati. Zoona zake sanamuuze. Bambo a Consolata anamwalira ndi matenda omwewo atadulidwa mwendo, ndipo amai Daka, amene anawadwazika zaka zambiri, analumbira pamaliro anthu akumva kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi mwamuna wa shuga. Titus ankamukonda Consolata mpaka kupusa, ndipo ankaopa kumutaya kuposa mmene ankaopera matendawo.

Ng'oma zitangochoka, foni inalira.

"Titus! Naona mavidiyo onse!" Consolata ankalankhula akuseka, mawu akuthamangitsana. "Amama aonelela ya chigumu katatu. Alila, Titus, alila na chimwemwe! Ati mwana uyu adya monga wobadwila munyumba mwanga."

"Auze kuti chigumu chawo chingapangitse munthu kuiwala dzina lake."

"Uzawauza weka. Manje chitseko chatseguka, ungadye kwathu mosaopa. Ah, Titus, nikondwela! Nifuna kukuwa pamsewu kuti magalimoto a ku Malawi aime!"

Titus anakhala pakhonde atagwira mimba, mtima uli mbee. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma madzulo amenewo iye analibe nthawi ya miyambi.

* * *

M'mawa mwake anadzuka kukamwa kuli gwa, mutu ukulemera, maso akuona zinthu ngati muutsi. Anabaya chala, kamakina kanaonetsa nambala imene inamukhazika pansi. Anayang'ana mapoto otsala amene azakhali ake anamunyamulira mpaka kunyumba kwake, ndipo anaimbira Fabian.

"Bwela na njinga. Vitumbuwa, thobwa, chigumu, vonse tenga. Kuyamba lelo nabwelela ku kabichi wanga."

Fabian anafika ngati anali atabisala kuseri kwa mpanda. Anamangirira mapoto pa kaliyala akuimba nyimbo za dzulo lija.

"Mnzako akapsa ndevu m'zimile," anatero akunyambita chala. "Ine nizazima moto uyu mpaka kutha, osadandaula. Koma iwe, uzamuuza liti Consolata?"

"Ukwati ukapita."

"Ukwati ukapita! Ndiye pa phwando uzachita bwanji na keke? Uzanipatsa ine kuti nimudyetse mkazi wako?"

"Choka apa na mapoto yako."

Anasekana, koma Titus anali atatsimikiza. Anatulutsa nsapato zothamangira pansi pa bedi, n'kulunjika kubwalo la mpira kumene gulu la anthu a shuga ndi a BP linkakumana m'mawa uliwonse kuyenda mozungulira. Anali ndi changu ngati munthu wongotembenuka kumene mtima. Ankadziona kale atavala suti, mimba ili phwa, Consolata akubwera ndi velo.

Mtsogoleri wa gululo anali Karen. Apa ndi pamene nkhani ikuyambira kununkha. Karen anali chibwenzi cha Titus kalekale, anamusiya n'kupita ndi mwamuna wina ku Lusaka, ndipo Lusaka itamulavula anabwerera ku Petauke ali ndi wisulo pakhosi ndi bizinesi yophikira odwala zakudya zopanda shuga ndi mafuta ambiri. Ankadziwa matenda a munthu aliyense m'gululo, ndipo a Titus ankawasunga mosamala ngati dzira.

"A Nyendwa, mwabwela!" anaitana akumuyang'ana pamimba. "Ninamvela ng'oma mailo. Nati apa akumupha mwamuna wa anthu na vitumbuwa."

"Ni mwambo, Karen. Sinikanakana."

"Mwambo! Mkazi amene akukonda afunika kuziwa chimene thupi lako likana. Kapena sanauziwe?"

Titus anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"Oho," anatero Karen, mawu atafewa ngati batala. "Osadandaula. Nizayamba kukutumila chakudya cha masana. Mu sabata imodzi chabe shuga izatsika. Ni bizinesi, Titus, usaniyang'ane choncho."

Akanakhala wanzeru akanakana. Koma Titus sankadziwa kuphika china kupatula mazira, ndipo nambala ya pa kamakina ija inali ikumuvinabe m'maso. Anavomera.

* * *

Chimene sanachiganizire n'chakuti chilanga mulilo chimatsegula chitseko mbali zonse ziwiri. Amai Daka anali atapeza munthu woyamikira manja awo, ndipo sanafune kuti mkamwini aonde. Basi ya ku Chipata inayamba kumatsitsa katoni pa siteshoni ya Petauke, pamwamba patalembedwa "A Nyendwa". M'kati munkakhala chigumu, mkoko wa nthochi zakupsa, nthawi zina botolo la uchi. Fabian anayamba kunenepa.

Mauthenga a Consolata ankabwera motsatana.

"Chafika?"

"Chafika, wokondedwa."

"Wadya?"

"Chatha kale." Limeneli silinali bodza, popeza Fabian sankachedwa.

"Amama ati ubwele pa Sande ukadye kunyumba. Koyamba, Titus! Nagula mbale zatsopano. Uvale shati ija ya buluu."

Lamlungu Titus anakwera basi atavala shati ya buluu, mapiritsi ali m'thumba. Shuga inali itayamba kutsika, thupi litapepuka, ndipo njira yonse ankadziuza kuti akadya masamba ndi nyama pang'ono basi. Ku Nyimba anatsikira pakati pa amayi ogulitsa nthochi amene anathamangira kumazenera a basi, ndipo pakati pawo panatulukira Consolata, chitenje chatsopano m'chiuno, akumwetulira mpaka kanjira ka pakati pa mano ake kuonekera. Titus anaiwala matenda, anaiwala Karen, anaiwala ngakhale chikwama chake pampando mpaka kondakitala anamuponyera pazenera.

"Waonda futi," anatero Consolata akumuzungulira. "Suti izakugwa iwe. Bwela, amama auka kukali mdima kuphika."

Monga mwa ulemu, apongozi sanakhale naye. Analonjerana chapatali, iye atanjuta pakhomo, iwo ali kukhitchini kuseri kwa nyumba. Consolata anamuikira chakudya m'chipinda chochezera, n'kugwada kumusambitsa m'manja, maso akumuseka.

Titus anadya chibwabwa chonse, nkhuku pang'ono, mpunga anangoukanda pambali. Kenako Consolata anabweretsa mbale ya chigumu chotentha, chonyezimira, ndi kapu ya tiyi wamkaka amene supuni ikanatha kuimirira yokha chifukwa cha shuga.

"Ichi ni chako weka. Amama ati mbale ibwele yopanda kanthu. Nibwela, nikatenge madzi akumwa."

Titus anatsala yekha ndi mdani wake. Fungo linkamukoka mphuno, malovu anadzaza m'kamwa, dzanja linanyamuka n'kubwerera. Anagwira njakata: akadya, sabata yonse ya thukuta yapita pachabe, akasiya, wanyoza apongozi. Ali mkati moganiza, anaona galu wa pakhomopo atakhala kunja kwa zenera, akumuyang'ana ndi maso a chisoni. Titus anaona ngati Mulungu wamutumizira mngelo wa miyendo inayi. Anathira tiyi mu mphika wa maluwa, n'kuponya chigumu chonse pazenera.

Galu anachiwakha m'mwamba. Koma galu ameneyu anali woleredwa bwino, sankadyera paliponse. Anachinyamula pakamwa, kuzungulira nyumba, n'kukagona pamalo ake a masiku onse, pamapazi pa amai Daka kukhitchini, n'kuyamba kudya mwaulemu.

Consolata atabwera ndi madzi anapeza mbale ili mbee, ndipo anavina pang'ono ndi chimwemwe. Titus anabwerera ku Petauke akuimba mluzu. Anadabwa pang'ono kuti potsanzika apongozi sanayankhe, koma anati mwina sanamve.

* * *

"Khala pansi," anatero amai Daka mwana wawo atabwerako kokaperekeza.

Consolata anakhala pampasa. Nkhope ya amake inali yoti sanaionepo chimwalirire bambo ake.

"Chigumu changa chadyewa na galu."

"Amama?"

"Na maso yanga aya. Chonse, chosalumako ngakhale pakona. Pita ukaone maluwa yako, yamwa tiyi lelo." Anapukusa mutu. "Ine nauka usiku kusinja nthochi, mwana wa eni aponyela galu. Pa chilanga mulilo anadya monga njovu. Lelo mpunga waukanda monga nkhuku. Uziwa tanthauzo lake?"

"Mwina m'mimba mwamuvuta..."

"Consolata, galu wamkota sakandila pachabe. Mwamuna amene sakudya pano, akudya kwina. Pali mkazi amene akumukhutitsa ku Petauke."

Consolata anafuna kuseka, koma kuseka kunakana kutuluka. Nthawi yomweyo Tasila analowa pampanda chothamanga, foni ili m'manja, mpweya uli m'mwamba.

"Consolata, waona chimene waika Karen pa foni? Uja wa wisulo, wakale wa Titus?"

Pachithunzi panali kabokosi ka chakudya, masamba ndi nsomba yowotcha zitayalidwa mokongola. Pambali pake panali dzanja la mwamuna likutola nsombayo, pamkono pali wotchi yakuda imene Consolata anamugulira Titus pa tsiku lake lobadwa. Pansi Karen analemba kuti: "Ena aphika na ng'oma, ise tiphika na chikondi."

Amai Daka anatenga foniyo, kuitalikitsa ndi maso, n'kuibweza. Consolata anamva nsanje ikumukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Foni yake inalira, uthenga wa Titus: "Nafika bwino, mtima wanga. Lelo linali tsiku lokoma." Anauwerenga, n'kuzimitsa foni.

"Mailo nipita ku Petauke," anatero.

* * *

Tsiku lotsatira Consolata anafika dzuwa lili paliwombo, osagogoda. Titus anali patebulo, kabokosi ka Karen kali kotsegula patsogolo pake, foloko ili m'kamwa. Ataona Consolata pakhomo anadzuka mwachimwemwe, kenako anaona nkhope yake, chimwemwe chinathawa.

"Idya," anatero Consolata. "Osaleka chifukwa cha ine. Idya chakudya cha chikondi."

"Consolata, ichi ni..."

"Niziwa mwini wake! Petauke yonse na Nyimba yonse iziwa! Chigumu cha amama unapatsa galu, Titus. Galu! Ndiye makatoni yonse aja yanapita kuti?"

"Kwa Fabian," anayankha ndi mawu aang'ono.

"Kwa Fabian! Ine nikufunsa wadya, iwe ati chatha kale. Amama akuyenda mu Nyimba kunyadila mkamwini, kansi akudyetsa Fabian na galu!" Misozi inayamba kutsika, koma mawu sanatsike. "Mapanga awili avumbwitsa, Titus. Ngati ufuna Karen, kamba lelo. Nizabweza diresi kwa telala, nizauza abusa, nizapilila manyazi. Koma usanipange chitsilu."

Titus anaona kuti bodza limene ankalisunga kuti lisunge ukwati ndi lomwe likuupha. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kachikwama kakuda. Anakhuthulira patebulo mapiritsi ndi kamakina kobaya chala.

Consolata sanafunikire kuuzidwa. Kamakina ngati kameneko ankakagwira m'mawa uliwonse ali mtsikana wa sekondale, akubaya chala cha bambo ake. Anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Kuyambila liti?"

"Kumayambililo kwa chaka. Sinali suti, Consolata. Karen aphikila gulu lonse la odwala, ine nigula monga ena onse. Chithunzi anajambula tsiku limene anabweletsa yekha chakudya, sininaone. Kulibe china pakati pathu, nilumbila pamaso pa Mulungu." Anagwada pambali pa mpando. "Ninamvela lumbilo la amama. Ninaopa kuti ukaziwa, uzanisiya."

Consolata anatembenuzatembenuza kamakinako m'manja. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Uziwa chimene chinapha atate? Anthu ati shuga. Awe. Atate anali kubisa. Amama awaphikila masamba, iwo apita kumsika kukamwa tiyi na mabanzi kuseli kwa shopu. Chilonda cha kuphazi anachibisa mu sokosi mpaka chinanunkha. Manje iwe, mwamuna amene nifuna kukwatiwa naye, wayamba kale kubisa."

"Nalakwa."

"Ndiye pa chilanga mulilo unadya vonse vija! Chigumu chonse chija! Ukanakomoka pamaso pa alangizi, nikanamvela kwa Tasila pa vidiyo?" Anamumenya paphewa ndi chibakera, kenako kachiwiri, kenako anamugwira shati n'kuika mutu wake pachifuwa pake. "Chitsilu iwe. Chitsilu changa."

"Sunisiya?"

"Nikusiyile nani? Karen?" Anadzuka, kupukuta misozi ndi chitenje, maso ayamba kale kuwala. Anatseka kabokosi kaja n'kukaika pakhonde panja. "Aka kabwelele kwa mwini wake. Ine niziwa kuphikila munthu wa shuga kupambana wisulo uja. Ninaphunzila nili mwana. Vala nsapato, tipita kumsika!"

* * *

Kumsika Consolata anali ngati mkulu wa asilikali. Anagula impwa, therere, bondwe, nyemba, nsomba zouma, ufa wa mgaiwa. Titus ankamutsatira pambuyo atanyamula majumbo, akumwetulira ngati wopenga. Atadutsa pa mayi wokazinga vitumbuwa, mapazi ake anachedwa okha.

"Maso kutsogolo, a Nyendwa!"

"Ninali kungopeleka moni."

"Moni wako niuziwa. Tamvela: m'mawa tiziyenda tonse, ine na iwe, osati ku gulu la uja. Keke ya ukwati uzaluma kamodzi chabe, ka chithunzi. Ukaluma kawili nizakuponda pamaso pa abusa."

"Nanga amama?"

Consolata anaima pakati pa njira. Anaganiza pang'ono, kenako anakweza chibwano.

"Amama tizawauza, koma mwanzelu. Nizayamba na amalume, iwo amamvela vinthu. Tizapita na pepala la adokotala loonetsa kuti shuga yatsika. Akaona kuti uzisamala, mtima uzagwa pansi. Nipatse masabata angapo chabe. Nkhani ya galu nizati unali na m'mimba."

Titus anamva ngati wina wamutula thumba la chimanga limene analisenza chaka chonse. Anafuna kumunyamula Consolata pamaso pa anthu onse, koma majumbo anamuletsa, ndiye anangomugwira dzanja. Anayenda choncho mpaka kunyumba, akukangana za mayina a ana amene sanabadwe, akuseka mokweza mpaka oyendetsa njinga kumawatembenukira.

Atatsegula geti, kuseka kunaduka.

Pakhonde panali patakhala amai Daka, atavala duku lawo la kutchalitchi, kachikwama kali pamiyendo. Anali atakwera basi yotsatira ya mwana wawo. Chiyambire chibwenzichi anali asanamuyang'anepo Titus m'maso, ndipo mawu awo onse ankadzera kwa ankhoswe. Lero anaimirira n'kumuyang'ana mwachindunji.

"Amama, mwabwela bwanji kuno?" anafunsa Consolata.

"Napita kwa uja mkazi," anayankha osachotsa maso pa Titus. "Nafunsa anthu pa siteshoni, anilangiza pamene aphikila. Nati niuze, mwana iwe, chifukwa chake udyetsa mkamwini wanga. Sanabise. Wanipatsa mpando, waniuza vonse, akumwetulila."

Jumbo la impwa linapulumuka m'manja mwa Titus, impwa zinamwazika pabwalo.

"A Nyendwa," anatero amai Daka mwaulemu woopsa, "shuga yanu ili pa zingati lelo?"

Titus anagwada pafumbi.

"Amama, mvelani, azisamala, amwa mankhwala, ine nizamu..."

"Nayenso atate ako anali kumwa mankhwala." Misozi inalengeza m'maso mwa amai Daka, koma sanailole kugwa. "Ine ninatsuka chilonda chija na manja aya mpaka tsiku limene ananyamula mwendo wa mwamuna wanga mu pulasitiki. Sininakubale kuti ukaone vimene ninaona. A Nyendwa, sinikuzondani, nilibe chidani na imwe. Munadya chakudya changa, ninakukondani monga mwana wanga. Koma ankhoswe anu abwele pa Chiwelu, azatenge vimene anabweletsa."

Anatsika pakhonde, kudutsa pakati pa impwa zomwazika, n'kukaima pageti.

"Consolata, basi ya ku Nyimba ili pafupi kunyamuka. Ukatsala pano, usakabwele futi kuniitana amama."

Consolata anayang'ana amake, amene anamulera okha ndi ndalama za nthochi. Anayang'ana Titus ali chigwadire pafumbi. Dzanja lake linali likadali m'dzanja la Titus, ndipo anamva mwamunayo akumasula zala zake pang'onopang'ono kuti apite. Consolata ndi amene anafinya dzanjalo, osalisiya.